Katheta ya silicone yosamatirira mapuloteni: momwe ntchito ikuyendera

Febuluwale

Cholinga sichinasinthe chiyambire. Katheta ya silicone, paipi ija amalowetsa m'chikhodzodzo kuti mkodzo uzituluka wokha, tikufuna kuisintha pamwamba pokha, kunja ndi mkati mwa dzenje lake, thunthu lake n'kulisiya momwe lilili. Silicone yeniyeniyo tilibe nayo mlandu. Ndi yofewa, imapindika osathyoka, imapirira kutentha kwa autoclave (makina ophera tizilombo ndi nthunzi), ndipo odwala amene thupi lawo limadana ndi latex amakhala nayo bwinobwino. Chilema chake n'chakuti imakana madzi. Ukadontheza madzi pa PDMS, silicone imene timaumba tokha mu labu, dontholo limangokhala ndwii, ngodya yake ili pakati pa madigiri 105 ndi 110; ngodyayi ikakula, ndiye kuti malowo akukana madzi kwambiri. Malo okana madzi chonchi mapuloteni amawakonda kwabasi.

Kwa inu amene mwangoyamba kutsatira zolembazi, nkhani yonse yagona pa mapuloteniwo. Chinthu chachilendo chikalowa m'thupi, pamasekondi ochepa chimakhala chitakutidwa ndi mapuloteni, moti maselo ndi mabakiteriya akamafika sakhudzanso polymer (kwa ife, silicone ija) ayi, amakhudza mapuloteni amene anafika kale. Leo Vroman anaonetsa m'zaka za m'ma 1960 kuti m'magazi mapuloteniwa amalandana malo: ochuluka monga albumin amayambirira kufika, fibrinogen n'kubwera kudzawakankha, iyonso n'kudzachotsedwa ndi ena. M'chikhodzodzo mulibe magazi oyenda, koma katheta imakhula mkati mwake, pamalo otupawo thupi limatulutsa fibrinogen, ndipo fibrinogen imeneyo imamata pa katheta. Bakiteriya wotchedwa Enterococcus faecalis amagwira pomwepo n'kuyamba kumanga biofilm, ija ya mabakiteriya odzikutira m'zoterera zomwe apanga okha, ngati ndere pamwala wa mumtsinje. Mankhwala opha tizilombo amavutika kulowamo. Bungwe loona za matenda la CDC ku America limanena kuti tsiku lililonse katheta ikakhala m'thupi, mwayi woti mumkodzo mupezeke mabakiteriya umakwera ndi 3 mpaka 10 peresenti, ndipo pakatha mwezi pafupifupi aliyense amakhala nawo. N'chifukwa chake puloteni yathu yoyesera ndi fibrinogen, ngakhale albumin ndi yotsika mtengo kwambiri.

Mwezi uno watha ndi kuumba. Sylgard 184 (dzina la malonda la PDMS yathu), magawo 10 a silicone ku gawo limodzi la mankhwala olimbitsa, kuchotsa thovu mu vacuum, kuumitsa mu uvuni, kudula timabwalo ting'onoting'ono. Tikuyamba ndi zafulati chifukwa ngodya ya dontho sungaiyeze mkati mwa paipi.

Marichi

Plasma ya oxygen, mpweya wopatsidwa mphamvu ya magetsi umene tayesa kuti silicone iyambe kukonda madzi, imachita zimene aliyense amanena kuti imachita. Pasanathe mphindi imodzi, magulu a methyl apamwamba, okana madzi, amakhala atasanduka silanol, okonda madzi, ndipo dontho lija limangoti phwasu, ngodya n'kutsika pansi pa madigiri 20. Ophunzira atsopano akaona zimenezi amafuna kujambula n'kutumizira anzawo.

Koma yezaninso mawa lake, ndiponso sabata ikatha. Ngodya imakwera pang'onopang'ono kubwerera komwe inachokera. Zifukwa zake zimadziwika bwino. Mu silicone mumatsala timaunyolo tatifupi tomwe sitinalumikizane ndi tinzake pouma, ndipo timeneti timayenda kuchokera mkati kudzakwirira pamwamba pomwe plasma inakonza. Komanso magulu a silanol amatembenukira mkati akakhala pamphepo youma. Ukawonjezera nthawi ya plasma poganiza kuti zikhalitsa, pamwambapo pamasanduka kagalasi kopyapyala kolimba, kamene kamang'aluka silicone ikapindika, ndipo m'ming'alumo ndi momwe timaunyolo tija timatulukira mosavuta.

Tayesa njira ziwiri zochedwetsera. Kuviika silicone m'ma solvent (mankhwala osungunulira) tisanaiike mu plasma kumatulutsa timaunyolo tatifupi tija, ndipo kusunga zidutswa m'madzi kumathandizanso. Zonse zachedwetsadi, koma palibe yaletseratu. Katheta siingagulitsidwe ili m'botolo la madzi kudikira wodwala.

Pali chinanso chimene chatseka nkhani ya plasma kwa ife. Katheta ya saizi 16 Fr ndi yonenepa mamilimita 5.3 kunja kwake, dzenje la mkodzo n'laling'ono kuposa apo chifukwa kanjira kopopera baluni yogwirira katheta m'chikhodzodzo kamadya malo, ndipo ya amuna ndi yaitali pafupifupi masentimita 40. Plasma ya m'makina athu imangopsopsona kukamwa kwa dzenjelo basi, mkati sifika. Pomwe mkatimo ndi momwe katheta imatsekekera.

Ndimawerenga mapepala ambiri oonetsa ngodya yokongola yoyezedwa patangopita mphindi zochepa plasma itatha, popanda kutchula za sabata yotsatira. Masiku ano ndikatsegula pepala lotere ndimayamba ndafufuza kuti anayeza liti.

Epulo

Mwezi wa kukangana za chemistry. Gulu la George Whitesides ku Harvard linafotokoza mu 2001 makhalidwe amene malo okana mapuloteni amakhala nawo: okonda madzi, opanda chaji yotsalira, olandira ma hydrogen bond koma osapereka. Mfundo yake n'njakuti pamwamba pagwire madzi mwamphamvu kwambiri moti puloteni ikafika isowe pokhala.

Pa zokutira zotere, PEG (polyethylene glycol) ndiyo yakale yodziwika. Taisiya pazifukwa ziwiri. Imawonongeka ndi oxygen pakapita nthawi, makamaka pamene pali tizitsulo ndi kutentha, ndipo katheta imakhala m'thupi masabata. Komanso zadziwika kuti anthu ena ali ndi ma antibody olimbana ndi PEG. Chifukwa choyambacho ndicho chachikulu kwa ife.

Tatsamira ku ma zwitterion, mamolekyu okhala ndi chaji ya positive ndi ya negative pamodzi, zomwe zimafafanizana koma n'kumakoka madzi mwamphamvu kuposa PEG. Wamkulu wa banja limeneli ndi MPC, yomwe imatsanzira phosphorylcholine wa pakhungu la maselo athu. Inachokera ku Japan, ku gulu la Nobuo Nakabayashi kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo Kazuhiko Ishihara anakonza kapangidwe kake mu 1990. Ikugwira kale ntchito m'zipangizo zenizeni zachipatala. Koma mtengo wake ndi wa anthu a ndalama. Tasankha mng'ono wake, sulfobetaine methacrylate kapena kuti SBMA, imene gulu la Shaoyi Jiang linaiphunzira kwambiri ku University of Washington. Katheta ndi chinthu chogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya, ndipo chipatala chogula zambirimbiri chimawerengera tambala iliyonse. Chokutira chimene chingachulukitse mtengo kawiri sichidzafika pa wodi ya kwathu, kaya chikhale chabwino bwanji.

Funso ndi la kamatidwe. Tatsegula njira ziwiri.

Yoyamba ndi polydopamine. Haeshin Lee ndi Phillip Messersmith anailengeza mu Science mu 2007, atatengera nzeru ku nkhono zam'nyanja zotchedwa mussel zomwe zimamata pamiyala yonyowa. Umasungunula dopamine, mamiligalamu 2 pa mililita, m'madzi a Tris osunga pH pa 8.5, n'kuviikamo chinthu chako. Mpweya wokha umayambitsa ntchito, ndipo pakatha maola 24 pamakhala kansalu ka mananomita pafupifupi 50 pa chilichonse chimene chinali m'madzimo. Ife tikuphatikizamo SBMA kuti zikhale pansi limodzi. Ubwino wake ndi woti madzi amalowa m'dzenje la paipi popanda vuto.

Yachiwiri ndi kumeretsa maunyolo a SBMA kuchokera mu silicone momwemo. Timamwetsa silicone benzophenone, mankhwala odzutsidwa ndi kuwala, timaiika m'madzi a SBMA, n'kuunikira ndi kuwala kwa UV kwa 365 nm. Benzophenone imazula haidrojeni pa methyl ya silicone, pamalo pamenepo unyolo n'kuyamba kukula uli wolumikizika kale.

Mnzathu wa ku microbiology anafunsa kuti bwanji osangoikamo siliva n'kuthana nazo. Funso labwino, ndipo yankho lake lilipo kale. Kafukufuku wamkulu wa m'zipatala za ku UK, wofalitsidwa mu Lancet mu 2012, anapeza kuti makatheta a siliva sanachepetse mokwanira matenda a mkodzo kwa odwala ovala katheta kwa nthawi yochepa. Mu mbale za mu labu siliva amapha mabakiteriya bwino kwambiri. Phunziro limenelo likutikhudza ifenso, osati siliva yekha.

Meyi

Njira ya UV ndi yosachedwa kukwiya. Oxygen imazimitsa ma radical, malo aja pamene unyolo umayambira kukula, choncho madzi a SBMA timayamba tawapopera nitrogen. Benzophenone ikachuluka, unyolo umakulira m'madzi m'malo mwa pa silicone, ndipo umatulutsa chidutswa chokutidwa ndi phala loterera lomwe limachoka ukangotsuka. Ikachepa, pamatuluka mawangamawanga. Tapeza pakati pomwe zikuyenda, ndipo tikutsuka kwa nthawi yaitali ndi ethanol kenako madzi amchere, chifukwa benzophenone yotsalira siyofunika m'thupi la munthu. Bungwe lofufuza za khansa la IARC linaiika m'gulu 2B, la zinthu zimene mwina zingayambitse khansa.

Kutsimikiza kuti chokutira chilipodi: pa ATR-FTIR, makina ozindikira magulu a mamolekyu ndi kuwala kwa infrared, nsonga ya carbonyl ikuoneka cha pa 1730, ya sulfonate cha pa 1040, ngakhale yachiwiriyi imabisala mu phiri lalikulu la Si-O-Si la silicone. XPS, yomwe imazindikira maatomu a pa mananomita 10 apamwamba okha, ndiyo yatimasula mtima. Yaonetsa sulfure ndi nitrogen wa chaji ya positive, zinthu zimene silicone yokha ilibe.

Polydopamine siivuta kupanga, koma imadetsa. Zidutswa zimatuluka zabulauni, zina pafupifupi zakuda. Ndinafunsako namwino wina amene wagwira ntchito pa wodi ya amuna zaka zambiri, ndipo iwo anati amakonda katheta yoonekera mkati chifukwa amaona msanga ngati mwayamba kuunjikana zoyera kapena magazi oundana. Mfundo imeneyo mulibe m'pepala lililonse la chemistry limene ndawerenga.

Tayambanso kuyesa mapaipi enieni. UV imadutsa mu silicone yoonekera, choncho dzenje la mkati limakutika ukalidzaza ndi madzi a SBMA n'kutseka mbali zonse. Koma makatheta ambiri ali ndi mzere wa barium sulfate woti azioneka pa X-ray, ndipo mzere umenewo umachita mthunzi. Tikuzungulitsa paipi pansi pa nyali kuti mbali iliyonse ione kuwala.

Juni

Kuyeza mapuloteni kwafuna kusamala kuposa kupanga chokutira. Njira yozolowereka ndi kuviika chidutswa mu fibrinogen, kutsuka, kumatula yomwe yamata ndi sopo wa mu labu wotchedwa SDS, n'kuyeza kuchuluka kwake ndi njira ya micro BCA. Pa polydopamine njirayi imanama. BCA imadalira kopa kusintha mtundu, ndipo ma catechol a dopamine amasintha kopayo okha popanda puloteni iliyonse. Ukathawira ku fibrinogen yowala ndi fluorescence, polydopamine imameza kuwalako, chidutswa n'kuoneka choyera pomwe puloteni ilipo. Njira ina imakunamiza kuti zaipa, ina kuti zakoma. Tatsala ndi ELISA, yogwiritsa ntchito antibody wozindikira fibrinogen yeniyeniyo, ndipo mu mbale iliyonse timaikamo chidutswa chokutidwa chomwe sichinaone puloteni kuti tidziwe phokoso la chokutira chokha.

Zotsatira pa zidutswa zatsopano: njira zonse ziwiri zachepetsa fibrinogen kwambiri poyerekeza ndi silicone yosakonza, ya UV ili patsogolo. Sindikudabwa. Polydopamine mwachibadwa ndi guluu, ndipo paliponse pomwe SBMA sinaikwirire, puloteni imapeza pogwira. Pa zipangizo zokhudza magazi, anthu amatchula malire a mananogalamu 5 a fibrinogen pa sikweya sentimita, kuti kupitirira apo ma platelet, timaselo toundanitsa magazi, amayamba kumata. ELISA yathu imangoyerekeza chidutswa ndi chinzake, choncho nambala imeneyo sitikudzitamandira nayo.

SBMA ili ndi khalidwe lina lofunika kulikumbukira. M'madzi opanda mchere maunyolo ake amakumbatirana okhaokha n'kufota, koma mukakhala mchere amamasuka n'kufufuma. Mkodzo uli ndi mchere, ndiye kwa ife n'zabwino, koma zikutanthauza kuti kuyeza ndi madzi oyera a mu labu sikukuuza momwe chokutira chidzakhalire m'thupi. Zoyesa zonse tsopano tikuchitira mu PBS (madzi amchere a mu labu) kapena mumkodzo wochita kupanga.

Poyesa ngati chokutira chimapha maselo (cytotoxicity) tinatsata muyezo wa ISO 10993-5, ndi maselo a mbewa a L929 ndi njira ya MTT yoyezera amoyo. Lamulo ndi lakuti maselo amoyo asatsike pansi pa 70 peresenti. Zidutswa zotsukidwa bwino zadutsa zonse. Za UV zomwe tinazitsuka mwachidule dala zinagwa, zomwe zikutsimikiza kuti kutsuka kuja si mwambo chabe.

Julayi

Apa ndiye pamene ntchito yatembenukira, ndipo ndikhalapo pang'ono.

Zonse zomwe ndalemba pamwambapa zayezedwa pa zidutswa zongotuluka kumene m'manja mwathu. Katheta yofika kwa wodwala siikhala choncho. Yaphedwa tizilombo, yakhala m'paketi youma miyezi kapena zaka, yayenda m'kontena, yapakidwa jelo, yakhuzika m'njira yonse ya mkodzo polowa, kenako baluni yake yapopedwa ndi mamililita 10 a madzi mpaka silicone ya pamenepo kutanuka kwambiri. Tagwirizana ndi akuluakulu a labu kuti kuyambira pano nambala yolowa mu lipoti ikhale ya chidutswa chimene chadutsa zonsezi. Ya chidutswa chatsopano izikhala yongoyerekezera.

Autoclave, madigiri 121 kwa mphindi 15: chokutira cha UV chapirira, fibrinogen yangokwera pang'ono. Cha polydopamine chatsika mphamvu moonekeratu, ndipo tikuganiza kuti SBMA ina yomwe inangokodwa osalumikizika yasungunukira mu nthunzi. Mafakitale ambiri amagwiritsa ntchito mpweya wa ethylene oxide pophera tizilombo pa makatheta, ndiye tatumiza zidutswa kunja kuti akaziyese motero. Kuphera tizilombo ndi cheza cha gamma (25 kGy) tikuona pambuyo.

Kukhula: tikukoka paipi pakati pa timapilo tiwiri tonyowa mobwerezabwereza, kenako n'kuidaya kuti tione pomwe chokutira chatha. Cha UV chikugwira, chifukwa mizu yake ili mkati mwa silicone. Cha polydopamine chikusupuka m'mizere.

Baluni ndiye yatipatsa ntchito. Tikaipopa n'kuiphwetsa, chokutira cha UV chokhuthala chimaonetsa ming'alu yopyapyala ikakhala youma. Ikapopedwa yonyowa, ming'alu siioneka. M'thupi imapopedwa yonyowa, inde, koma anamwino ena amayamba ayesa baluni asanalowetse katheta, ili youma. Tikuyesa chokutira chopyapyala pamalo a baluni pokha.

Tsopano za kukalamba m'paketi. Ndondomeko ya ASTM F1980 imalola kufulumizitsa nthawi ndi kutentha, poganiza kuti madigiri 10 aliwonse owonjezera amachulukitsa liwiro la kuwonongeka kawiri. Ambiri amaika mu uvuni wa madigiri 55 n'kuwerengera kuti mosungira katundu ndi madigiri 25 kapena kucheperako. Kusiyana kwa madigiri 30 kumapereka liwiro la ka 8, moti masiku 46 mu uvuni amaimira chaka. Pamsonkhano ndinafunsa kuti madigiri 25 amenewo ndi a sitolo ya kuti. Katundu wopita ku Malawi amadutsa pa doko la Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, amakhala m'kontena padzuwa, ndipo akakafika pachipatala cha ku Nsanje kapena Chikwawa mu Okutobala, kunja kumapitirira madigiri 40. Ukawerengera madigiri 35 m'malo mwa 25, liwiro limatsika kufika ka 4, ndipo chaka chimafuna masiku 91 mu uvuni. Tagwirizana kulemba mawerengedwe onse awiri. Uvuni udzagwidwa nthawi yaitali, ndipo anzathu a ntchito zina sakukondwa nazo, koma zidutswa zalowa.

Njira ya polydopamine taiimitsa kaye. Sitinaitaye, chifukwa pa zitsulo ndi mapulasitiki omwe benzophenone siingalowe ingadzathandize.

Ogasiti

Mabakiteriya. Pa E. coli nkhani ndi yokoma: patatha tsiku limodzi mumkodzo wochita kupanga, chidutswa cha SBMA chili ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi silicone yosakonza, ndipo ambiri a iwo amachoka ukangotsukuluza. Tikuwerenga ma colony (timagulu ta mabakiteriya tomera m'mbale) titawamatula ndi kunjenjemeretsa kwa sonication, chifukwa utoto wa crystal violet wodayira mabakiteriya umadayanso chokutiracho. Masiku akamapita kusiyanako kumachepa. Sikutheratu, koma kumachepa.

Bakiteriya wina, Proteus mirabilis, ndi nkhani ina. Tamanga chikhodzodzo chagalasi motsatira njira ya David Stickler wa ku Cardiff: botolo la madigiri 37, katheta yolowera pansi baluni itapopedwa, mkodzo wochita kupanga ukudontha kuchokera pamwamba usana ndi usiku, n'kudikira kuti katheta itsekeke liti. Yathu yokutidwa yatsekeka nayonso. Titaidula, mkati munali mchenga woyera wodzaza kuyambira pa timabowo ta kunsonga.

Chifukwa chake sichili pamwamba pa katheta. Proteus amatulutsa urease, yomwe imaphwanya urea kukhala ammonia, pH ya mkodzo wonse n'kukwera. Ikakwera, magnesium ndi calcium sizikhalanso zosungunuka, zimagwa ngati timiyala ta struvite ndi apatite. Timiyala timeneti timabadwira mumkodzo momwemo, timatengedwa ndi madzi, n'kukaunjikana pomwe njira yapanikiza. Timiyalati sitifuna guluu kuti titseke paipi. Chokutira chathu chimakaniza zinthu kumata, koma bakiteriya amene akusambira m'chikhodzodzo sichimukhudza n'komwe. Gulu la Stickler lomwelo linaonetsa kuti kuchulukitsa madzi ndi citrate mumkodzo kumachedwetsa timiyalati, zomwe zikutanthauza kuti mbali ina ya vutoli yankho lake lili mumkodzo, osati pa polymer.

Tinakambirana nthawi yaitali ngati tiwonjezere mankhwala opha tizilombo mu chokutira. Ine ndikukayika. Chinthu chopha chimafuna kugwira bakiteriya, chinthu chokana kumata chimafuna kuti asayandikire, ndipo mitembo ya ophedwawo imasanduka pogona pa anzawo obwera pambuyo. Komanso katheta yotulutsa mankhwala imalowa m'gulu lina la malamulo, lovuta ndi lodula kwambiri. Mnzathu wa microbiology akuona mosiyana, akuti choletsa urease si mankhwala opha ndipo chiyenera kuyesedwa. Tamulola ayese payekha pa zidutswa zochepa.

Chomwe tasintha ndi zimene tikulonjeza. Mu lipoti la theka la chaka tachotsa mawu onena za kuteteza matenda. Talemba zomwe tayeza: fibrinogen yochepa, E. coli ochedwa kumata, paipi yoterera polowa, ndi chokutira chopirira autoclave ndi kukhula. Kuterera kokhako kuli ndi phindu lake, popeza kukhuzika kochepa kungachepetse kutupa komwe kumabweretsa fibrinogen, koma zimenezo n'zofunika kuziyeza, osati kuzinena.

Seputembala

Zidutswa za ethylene oxide zabwerako, zikudikira ELISA sabata ino. Gulu loyamba la mu uvuni latuluka ndipo ngodya ya dontho yakwera pang'ono, zomwe zingakhale timaunyolo ta silicone tija tikubowola chokutira kuchokera pansi. XPS itiuza, tikaona kuchuluka kwa silicon poyerekeza ndi sulfure. Zikakhala choncho, tibwezeretsa kuviika m'ma solvent kwa mu Marichi ngati sitepe yoyamba, ngakhale kukweze mtengo. Gulu la masiku 91 lituluka chakumapeto kwa Okutobala.

Enterococcus faecalis tiyamba naye pa zidutswa zoviikidwa kaye mu fibrinogen, chifukwa ndiye amene angatiuze ngati kuchepetsa puloteni kukusinthadi kanthu kwa bakiteriya wodalira puloteniyo. Pempho logwiritsa ntchito mkodzo weniweni wa anthu odzipereka lili ku komiti yoona za chilungamo pa kafukufuku, ndipo atibwezera fomu ya chilolezo kuti tifewetse mawu ake.